Ndalama za fodya zikafika ku Kasungu, zimagona kuti?

Nkhani ya lero ikuchokera ku Kasungu, m'dera la Mfumu Yaikulu Kaomba, pomwe msewu wa M1 wochokera ku Lilongwe umadutsa m'tsinde mwa phiri n'kupitirira kumka ku Mzuzu.

Mlendo wofika pa Kasungu boma m'mwezi wa Meyi kapena Juni sachita kufunsa ngati msika wa fodya watsegulidwa. Malole osenza mabelo amakhala ali ndondondo kulowera ku Chinkhoma, umodzi mwa misika ikuluikulu inayi ya okushoni m'dziko muno, pamodzi ndi wa Kanengo, wa Limbe ndi wa Mzuzu. Pa makomo a mabanki mizere imayamba kusanache bwino. Ogulitsa malata, matilesi, njinga ndi mapanelo a sola amatulutsa katundu mpaka pakhonde. Anyamata a kabaza sazimitsa njinga zawo, ndipo mayi wa mandasi amakhala atapukuta beseni dzuwa lisanafike paliwombo. Tauni yonse imanunkhira ndalama.

Mlendo yemweyo abwerenso mu Januwale. Apeza bambo uja anagula njinga mu Juni akuitsatsa pa theka la mtengo kuti apeze feteleza wobereketsa. Apeza mayi ali pa ganyu m'munda mwa eni ake, wake utasanduka thengo, pofuna kandowa ka chimanga kapena madeya. Wina akugogoda kwa wakatapila, kuvomera kudzabweza kawiri zimene watenga. Wina walonjeza kale venda fodya amene adakali m'mizere. Mwini okala wangokhala pampando, kuwerenga maina a angongole m'kope, mashelefu ali mbee.

Ndalama ku Kasungu zimabwera ndithu. Boma limeneli, lomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti muli anthu oposa 840,000, lili m'gulu la maboma amene amalima fodya wochuluka, ndipo fodya yekha amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zimene Malawi amapeza pogulitsa katundu kunja. Chovuta n'chakuti ndalamazo zimafika kamodzi pachaka, ngati mvula yamkuntho pa nthaka youma gwa. Zimathamanga pamwamba, kukokolola zimene zapeza, osalowa pansi.

Zimenezi zili ndi pochokera. M'nthawi ya Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, amene kwawo kunali konkuno, lamulo linkalola maesiteti okha kulima fodya wa burley. Zigwa za Kasungu zinadzaza maesiteti, ena a kampani ya Press, ena a akuluakulu a boma ndi andale. Mabanja ankachokera kutali, ambiri m'maboma a kum'mwera, kudzakhala matenanti. Tenanti ankatenga chimanga, mchere ndi zipangizo kwa bwana pangongole chaka chonse, n'kudzalipidwa kamodzi fodya akagulitsidwa, ngongole itadulidwa. Ambiri ankabwerera kwawo chimanjamanja. Alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima burley mu 1990, ndipo utenanti unaletsedwa ndi lamulo mu 2021, koma kayendedwe ka chaka kaja kanazika mizu m'makomo: miyezi yambiri ya ngongole, miyezi itatu ya phwando.

Kuyambira mu 2012, fodya wambiri amalimidwa pa mgwirizano ndi makampani monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI. Kampani imapereka mbewu, feteleza, mankhwala ndi alangizi, kenaka imadula zake tsiku logulitsa. Pamwamba pa ngongoleyo pali za thiransipoti, za ziguduli, za okushoni ndi misonkho ina. Madola amene mlimi amaona pamwamba pa pepala la malonda amakhala ali ndi eni ake kale, ndipo zake zenizeni ndi zimene zalembedwa pansi penipeni. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mlimi amene amapanga mapulani poyang'ana chiwerengero cha mabelo m'chigafa akuwerengera wapachala.

Nanga munthu wa kuno angadziikire bwanji cholinga n'kuchifika? Yankho lina lili chakum'mawa kwa tauni, m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe.

Njala ya 2001 ndi 2002 inakantha Kasungu koopsa. William Kamkwamba, wobadwa mu 1987, anasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo makolo ake, alimi a chimanga ndi fodya, atalephera kulipira fizi. M'malo mongokhala pa bawo, mnyamatayo ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, pachikuto pake pali makina opanga magetsi ndi mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankatsata zithunzi. Ali ndi zaka 14 anatolera zitsulo zotayidwa, fani ya thirakitala, njinga yakutha ya bambo ake, mapaipi apulasitiki amene ankawawongola pamoto, ndi mitengo ya bulugamu, n'kuimika makina amene anayatsa babu. Anthu pamudzi ankati wachita misala. Nyuzipepala ya Daily Times inalemba za iye mu 2006, anakayankhula pa msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha mu 2007, buku la moyo wake, The Boy Who Harnessed the Wind, linatuluka mu 2009, anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America mu 2014, ndipo filimu yake inatuluka mu 2019. Bungwe la Moving Windmills Project, lomwe linabadwa pa ntchito yakeyo, limagwira ntchito konkuno ku Kasungu.

Ambiri akamafotokoza nkhaniyi amathamangira ku America ndi ku filimu. Koma phunziro lili kumayambiriro. Kamkwamba sanayambe ndi maloto otchuka dziko lonse. Ankafuna babu loti aziwerengera usiku popanda kugula palafini, ndipo pambuyo pake pampu yokoka madzi kuti banja lizikolola kawiri pachaka, njala ija isadzabwerenso pakhomo. Cholingacho chinali chaching'ono, chooneka ndi maso, ndipo ankadziwa chitsulo chilichonse chimene chikusowa. Palinso mfundo ina imene imaiwalika. Dainamo ya njinga anamugulira ndi mnzake Gilbert, ndipo zitsulo anamuwotcherera ndi mmisiri wa pa malo a malonda a Wimbe, amene Kamkwamba anamulipira ndi ndalama za ganyu. Pakanapanda wowotcherera pafupi, makina aja akanathera pa chithunzi cha m'buku.

Mawu akuti ndikufuna kulemera si cholinga, n'chilakolako chabe. Cholinga chimakhala ndi kukula kwake, mtengo wake ndi mwezi wake. Chodabwitsa n'chakuti mlimi wa fodya ndi katswiri kale pa zimenezi. Amadziwa sabata yofesa nazale, amathirira mabedi m'mawa ndi madzulo m'dzuwa la Okutobala, amawokera mvula ikagwa, amabandira, amadula nsonga, amathyola masamba kuyambira pansi, amasoka, amayanika m'chigafa, amasankha magiredi, amadinda mabelo pa jeke. Ntchito imodzi ikachedwa ndi sabata ziwiri, amadziwa kuti giredi yatsika. Munthu amene angathe kutsata ndondomeko yotere kwa miyezi khumi sangalephere kukonza ndondomeko ya ndalama zake. Chimene chimasowa ndi kope la masamu lotsika mtengo ndi cholembera, komanso kukhala pansi msika usanatsegulidwe.

M'kopemo muyenera kulembedwa zinthu zogwirika. Ngongole zonse, kuphatikizapo za pa okala ndi za kwa alamu. Matumba a chimanga okwanira kufika mu Malichi. Fizi ya materemu onse atatu. Feteleza wa chaka chamawa, wogula mu Julayi ndalama zidakali m'manja, osati mu Disembala aliyense akulimbirana. Kenaka chinthu chimodzi chokha chatsopano: malata a nyumba, mbuzi ziwiri zazikazi, makina osokera, kapena fizi ya mwana wokaphunzira ntchito yamanja. Chimodzi chokha, chifukwa mapanga awiri avumbwitsa.

Kugula zofunika msanga kuli ndi chifukwa china. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasunga ndalama za fodya pansi pa matilesi mu 2023 anadzuka zitasungunuka, pomwe amene anali atagula kale feteleza kapena mbuzi sanataye kanthu.

Ndipo kopelo lisakhale la bambo okha. M'makomo ambiri mayi ndi ana ndi amene amatunga madzi a nazale, amasoka fodya mpaka usiku, manja ali bii ndi utomoni, koma dzina lolembetsa ndi akaunti ya kubanki zimakhala za bambo. Bambo akapita ku Chinkhoma n'kukagona masiku anayi m'tauni, kunyumba amangomva kuti mitengo sinali bwino. Izi n'zopweteka, ndipo zimapha mtima wogwira ntchito. Banja limene limawerengera limodzi pepala la malonda, mayi nawonso n'kunena chimene akufuna chigulidwe, limafika patali kusiyana ndi limene ndalama zimadziwika ndi munthu mmodzi.

Amayi a ku Kasungu, monga anzawo m'maboma ena, anapeza kale njira yawo yotalikitsira ndalama: banki m'khonde. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, ndipo inafala m'midzi ya Malawi yense. Anthu 15 mpaka 25 amakumana sabata iliyonse, kugula masheya, kubwereketsana pa chiwongoladzanja chimene agwirizana, n'kudzagawana pakutha pa chaka. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana. Magulu ambiri amagawana mu Disembala, nthawi yeniyeni ya feteleza ndi ya fizi ya Januwale, ndipo kusankha mwezi umenewo n'kuchenjera kwakukulu. Koma banki m'khonde ili ndi dzenje lake. Alipo amene amalowa magulu atatu, kutenga uku kukabweza uko, mpaka gulu kubwera kudzanyamula ziwiya ndi malata. Ngongole ya pagulu kapena ya ku SACCO imathandiza munthu amene akudziwa kale chimene akukagula, kumene akagulitse ndi phindu limene latsala. Kwa amene alibe yankho pa mafunso atatuwa, ngongoleyo ndi katapila wovala suti.

Kukula kwa munthu pa ntchito kumadaliranso luso. Fodya sadzakhala mfumu mpaka kalekale. Maiko ambiri akulimbana ndi kusuta, ndipo Malawi yemwe analowa m'pangano la World Health Organization loletsa kufala kwa fodya mu 2023. Mwana wa mlimi ayenera kukhala ndi chachiwiri m'manja. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo ku Mponela, pa msewu womwewu wa M1, kuli malo ophunzitsira kayendetsedwe ka mabizinesi ang'onoang'ono. Komabe sukulu yaikulu kwambiri ya luso ku Kasungu ilibe chikwangwani. Ili pansi pa mitengo ndi m'makonde, pomwe mnyamata amayamba ndi kugwirizira chitsulo, kenaka kupala dzimbiri, mpaka tsiku limene mmisiri amamupatsa ndodo yowotcherera. Njinga zamoto za kabaza zachuluka, ndipo zimafuna makaniko. Masola adzaza m'midzi, ndipo amafuna wodziwa kulumikiza. Mafoni amasweka tsiku lililonse. Ntchito zimenezi sizidikira nyengo ya okushoni.

Koma mmisiri amaphunzitsa mwana ngati iye mwini ali ndi ntchito. Apa ndi pamene nkhani ya zolinga za munthu payekha imakumana ndi nkhani ya kumene amagula zinthu.

Mlimi akalandira ndalama n'kukwera minibasi kukagula mafelemu a zitseko, mipando ndi zovala ku Lilongwe, ndalamazo zagona ku Kasungu usiku umodzi wokha. Akapereka oda kwa wowotcherera wa pa Chinkhoma, pa Santhe, pa Chamama kapena pa Nkhamenya, ulendo wake umakhala wina. Wowotchererayo alipira anyamata ake awiri. Anyamatawo adya nsima pa lesitilanti ya mayi wa pamsika. Mayiyo agula tomato ndi mpiru kwa mlimi wa kudimba, agayitsa pa chigayo cha pompo, asoketsa yunifolomu ya mwana kwa telala wa pakhonde. Telala naye aponya masheya ku banki m'khonde, komwe mkazi wa mlimi uja adzabwereke mu Febuluwale. Kwacha imodzimodziyo yagwira ntchito m'makomo asanu ndi limodzi isanatuluke m'boma. Boma litakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi mu Malichi 2016, ambiri anaimva ngati nkhani ya kuvala zitenje Lachisanu ndi ya mafakitale a ku Blantyre. Pamudzi tanthauzo lake ndi losavuta: kufunsa kaye ngati chinthucho chingapangidwe pafupi.

Mtedza ndi chitsanzo chowawa. Kasungu amalima mtedza, soya ndi mpendadzuwa wambiri. Mavenda amaimika sikelo m'mbali mwa msewu nthawi yokolola, mitengo ili pansi, matumba n'kukwera malole. Patapita miyezi, mtedza womwewo umabwerera uli chiponde cha m'botolo, soya ali mafuta ophikira ndi chakudya cha nkhuku, pa mtengo umene mlimi sangaufike. Gulu la alimi limene lingasunge mbewu mpaka mitengo itakwera, kapena kugula makina ofinyira mafuta, limabweza phindu limenelo kumudzi. Si ntchito yamasewera. Mtedza ukapanda kuuma bwino umachita chuku chimene chimaika poizoni m'chakudya, ndipo katundu wopanda chiphaso cha Malawi Bureau of Standards salowa m'masitolo akuluakulu. Munthu mmodzi sangakwanitse zonsezi, n'chifukwa chake makopaletivi ndi mabungwe a alimi monga NASFAM ali ofunika. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono eni mabizinesi nawonso amve mbali yawo, chifukwa palibe amene angagule chinthu chosalongosoka pongoti wopangayo ndi wa kwawo. Anthu amathawira ku tauni yaikulu chifukwa anapsapo. Alipo telala amene amalandira nsalu ya Khirisimasi n'kudzapereka chovala chaka chatsopano chitadutsa. Alipo kalipentala amene amadya dipoziti, kenaka n'kumabisala kasitomala akamabwera. Alipo wogula mbewu amene sikelo yake imadya kilogalamu pa ndowa iliyonse. Mmisiri amene akufuna kukula ayambe ndi zinthu zosafuna mpamba: kunena tsiku loona, kulemba oda iliyonse, kupereka lisiti, kusiyanitsa ndalama za bizinesi ndi za ndiwo. Airtel Money ndi Mpamba zathandiza pamenepa, chifukwa ndalama yolowa pa foni imasiya mapazi, ndipo munthu atha kuona pakutha pa mwezi kuti zalowa zingati.

Palinso matenda amene apha maokala ambiri kuposa mbava, ndiwo ngongole za pachibale. Malume abwera: «Mphwanga, ndilembe shuga ndi sopo, ndidzakuona fodya akatuluka.» Mphwayo sangakane, poti ndi malume. Apongozi atuma mwana, a mpingo nawo atenga. Pofika Epulo mpamba wonse uli m'kope, ndipo fodya akatuluka, malume aja amakagula katundu wa kashi ku sitolo yaikulu, kudutsa pa okala ya mphwawo atayang'ana kumbali. Kuthandiza bizinesi ya m'bale ndi kugula pa mtengo wake ndi kulipira pompo. Amene ali ndi ngongole pa okala ya pamudzi ayenera kuiika pamwamba penipeni pa tsamba la kope lija, isanabwere wailesi yatsopano.

Ogula akuluakulu ali ndi gawo lalikulu koposa. Masukulu amafuna madesiki, mipingo imafuna mabenchi ndi mawindo, zipatala zimafuna ndiwo ndi nyemba, khonsolo imamanga misika ndi milatho. Oda imodzi ya madesiki ingathe kusunga kalipentala ndi ophunzira ake chaka chathunthu. Koma oda yotereyi ikalipidwa patapita miyezi isanu ndi umodzi, imamugwetsa m'malo momukweza, pakuti matabwa anatenga pangongole.

Sikungakhale chilungamo kunena kuti zonse zili m'manja mwa munthu payekha. Magetsi akazima, wowotcherera, wometa ndi wa chigayo amangokhala manja ali m'thumba. Mafuta akasowa, wa kabaza amagona pa mzere. Mu 2024 chiwongoladzanja cha Reserve Bank of Malawi chinafika pa 26 peresenti, kutanthauza kuti ngongole ya ku banki wamba inali yokwera kuposa pamenepo, yosatheka kwa mayi wa lesitilanti. Misewu ya kumidzi ikadulidwa ndi mvula, tomato amawolera m'dengu. Izi ndi za aphungu, makhansala ndi boma, ndipo anthu a kwa Kaomba ali ndi ufulu wozifunsa mokweza mawu pa misonkhano ya chitukuko. Kufunsa kumeneko sikuletsa kulemba kope, ndipo kulemba kope sikuchotsa udindo wa boma.

Msika wa fodya umatsekedwa nyengo yozizira ikamatha, malole amachepa pa Chinkhoma, fumbi limayamba kuuluka m'zigwa. Pakati pa belo lomaliza ndi mvula yoyamba pamakhala miyezi iwiri kapena itatu, ndipo m'miyezi imeneyi ndi mmene zimadziwika ngati banja lidzagwire ganyu mu Januwale kapena lidzalembe aganyu. M'madambo mabedi a nazale amayamba kuoneka, ofunditsidwa udzu, makeni ali pambali. Magulu a banki m'khonde amayamba kutolera ngongole zomaliza kukonzekera kugawana. Pa malo a malonda, wowotcherera amene analandira maoda a mafelemu mu Julayi amakhala akadali pa ntchito, moto uli thethethe, mnyamata wophunzira atamugwirizira chitsulo.